Mmene ndinakwatitsira Lonesi kwa mwamuna wa eni ake

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Akumbuyoko musavutike kusendera, mawu anga afika okha. Chinthu chimenechi Mulungu anandipatsa chosefukira, ndipo ngakhale Satana anandilanda zambiri, pakhosi pokha anapalephera.

Ine ndine Layisoni Matewere wa kwa Mposa, amene ambiri mumanditchula kuti a Chimkuzamawu. Pepala ndagwirali ndalemba ndekha, ndi dzanja ili, masabata atatu, ndipo mapensulo awiri atherapo. Ndikaima pakati musaganize kuti Mzimu wandigwira. Ndiye kuti ndakumana ndi liwu limene ndinalemba ndekha koma landikana. Abusa andipempha kuti ndilankhule makamaka kwa abambo, chifukwa sukulu ya kwacha ikutseguliranso sabata yamawa, koma amene alembetsa ndi amayi okhaokha. Ndiye abambo tcherani khutu. Amayi mukhoza kuseka, ndaona kuti mwayamba kale.

Ndinakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu. Kwathu abusa amabwera kamodzi pamwezi, masabata enawo timayendetsa tokha. Wowerenga mawu ndinali ine. Wolengeza zolengeza ndinali ine. Ndikatsegula Baibulo n'kutsokomola kamodzi, anthu a kumzikiti tsidya la dambo ankadziwa kuti tayamba. Mnzanga Che Saidi, wogulitsa mpunga, Msilamu wosaphonya swala ya Lachisanu, ankandiuza Lolemba kuti ulaliki wadzulo unali bwino koma ndinatalikitsa kumapeto.

Koma kuwerenga sindinkadziwa. Ndanena. Sukulu ndinapita miyezi iwiri yokha, malume n'kunditenga kuti ndizikawathandiza kukoka makoka ku Chilwa. Zilembo kwa ine zinali ngati nyerere zofera pansalu.

Mufunsa kuti nanga zaka zonsezo ndinkatani. Ndinali ndi akazi anga, mayi a Edina, amene anafika sitandade sikisi ya kale. Loweruka lililonse masana tinkalowa m'nyumba, kutseka chitseko, kutseka zenera, aneba n'kumaganiza zawo. Iwo ankawerenga motsitsa, ine n'kumabwereza, kawiri, katatu, mpaka mutu wonse walowa. Mutu wanga ndi nkhokwe, chimene chalowamo chiswe sichidya. Zolengeza nazo mlembi wa mpingo, a Gomani, ankabweretsa Loweruka, njira yake yomweyo. Akazi anga ankaika kaudzu patsamba loyenera n'kundiuza liwu limene ndikafikapo nditembenuze pepala. Lamulungu ndinkavala jekete ndi magalasi a pamsika, chala chikuyenda pamzere, nthawi zina n'kuima dala ngati liwu landivuta, kuti zioneke zenizeni. Kuboma kukafunika kusayina, ndinkamanga dzanja lamanja ndi nsanza kuti ndadzitema ndi chikwanje, n'kudinda ndi chala chakumanzere. Kalaliki wina anachita kundilangiza kuti bambo, bala lanuli lapitirira zisankho zitatu, kaonaneni ndi adokotala.

Zikanathera pobisa pokha, mwina Mulungu akanandilekerera. Koma ine ndinkanyozanso anzanga. Sukulu ya kwacha itayamba kwathu, ndinaima kutsogolo n'kulengeza ndi mawu anga onse kuti mbuli zonse zipite kumeneko, chifukwa n'zamanyazi Mkhristu kumanyamula Baibulo ngati njerwa. Ndinatero chala chikuloza a Nasiyani, gogo wamasiye amene amasesa m'tchalitchi.

Tsono mwana wathu Edina, amene anakwatiwa ku Balaka, anabereka mwana wake woyamba, ndipo amayi ake anapita kukamuthandiza kwa mwezi wathunthu. Ponyamuka anandichonderera kuti ndiwauze akulu anzanga kuti maso akundivuta, awerenge wina mpaka iwo abwere. Ndinawayankha kuti tambala salembera kalata nkhuku yathadzi yoti imulilire. Masabata awiri oyamba zinayenda. Ndinkasankha mitu yakale ya m'nkhokwe, ndipo zolengeza ndinkazikoka pakamwa pa a Gomani mochenjera, kuti tandiuzeni mwachidule, magalasi ndasiya m'nyumba.

Sabata yachitatu a Gomani sanabwere Loweruka. Anandipeza Lamulungu pakhomo la tchalitchi, belu lalira kale, n'kundipatsa pepala m'manja. Anati ndi ukwati wa Fanuwelo, mwana wa a Sitolo, kulengeza koyamba, ndipo anathamangira mkati kukakonza mabenchi.

Mukudziwa mwambo wathu. Ukwati umalengezedwa masabata atatu: dzina la mnyamata, dzina la mtsikana, makolo, midzi, ankhoswe, kenako funso loti ngati alipo wodziwa choletsa aime anene. Dzina la mnyamata ndinali nalo. Chinatsala ndi funso laling'ono, loti mtsikanayo ndi ndani. Mwana wa zaka zitatu akanafunsa. Koma ine ndikanafunsa bwanji pepala lili m'manja, magalasi ali pamphuno? Komanso ndinkaona ngati ndikudziwa. Fanuwelo ndi wakabaza, ndipo miyezi ingapo ndinkamuona atanyamula Lonesi, mwana wa a Mbewe, kawiri pasabata, akuseka njira yonse. Ndinati mumtima, pepala lingandiuze chiyani chimene maso angawa sanaone?

Pabenchi yakutsogolo panali alendo, amayi ovala zitenje zofanana, pakati pawo mtsikana atawerama mwamanyazi. Ine ndinkayesa ndi kwaya yodzacheza.

Ndinaima, ndinatambasula pepala, ndinaika chala. Ndinalengeza ukwati woyera pakati pa Fanuwelo Sitolo ndi Lonesi Mbewe. Ndinatchula makolo, ndinatchula midzi, ankhoswe ndinasankha ndekha poona amene akuyenera. Kenako ndinavula magalasi monga mwa nthawi zonse n'kufunsa ngati alipo wodziwa choletsa.

Abale, zaka makumi atatu ndakhala ndikufunsa funso limeneli, palibe anaimapo. Tsiku limenelo tchalitchi chonse chinaima.

Mtsikana wa pabenchi yakutsogolo uja anali Agnesi wa ku Nselema, mkwatibwi weniweni, amene dzina lake linali papepala. Anagwa chagada, azakhali ake akumupepesa mphepo ndi buku la nyimbo. Lonesi anali mukwaya, pakamwa pali yasa. Iye anali ndi chitomero kale ndi Yotamu, mnyamata amene akugwira ntchito ku Joni, ndipo amayi a Yotamu anali momwemo. Anatuluka foni ili kukhutu, moti nkhani inafika ku Joni tisanaimbe nyimbo yotsekera. Fanuwelo, wopanda mlandu uliwonse, anatulukira pazenera. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti Lonesi ankalipira kabazayo ngati wina aliyense, popita kumaphunziro a aphunzitsi a sukulu ya kwacha. Sukulu ndinkatumizako mbuli ija, mphunzitsi wake anali iyeyo.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinakweza mawu kuposa onse n'kunena kuti ndawerenga zimene zalembedwa, ngati pali cholakwa afunseni a Gomani. A Gomani anabwera, anatenga pepalalo mwaulemu, n'kuliwerenga pamaso pa anthu. Munalibe Lonesi ngakhale mmodzi.

Abusa atabwera anaitanitsa bwalo la akulu a mpingo. Anandipatsa pepala lija kuti ndiwerengenso. Ndinati magalasi anga atha mphamvu. Anandibwereka awo. Ndinati a Gomani amalemba ngati nkhuku ikupalasa. Abusa anavomera kuti n'zoona, zolemba pamanja n'zovuta, ndiye anapisa m'chikwama n'kutulutsa buku lakuda, lodindidwa bwino, anatsegula pakati n'kundipatsa. Mtima unakhala pansi. Ndinadziwa kuti pakati pa Baibulo pamakhala Masalimo. Ndinaimirira, ndinatsokomola, n'kubangula salimo lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, osaphonya liwu, chala chikuyenda.

"Zikomo kwambiri, a Matewere," anatero abusa. "Mwatithandiza ndithu, mwachita kutimasulira. Baibulo limeneli ndi la Chiyao."

Chiyao ndimalankhula bwinobwino, abale, koma nyerere zake n'zofanana.

Anandiimitsa paudindo ndi pa mgonero. Abusa ananena momveka kuti sakundiimitsa chifukwa chosadziwa kuwerenga, iyayi, koma chifukwa cha bodza ndi kunamizira mlembi. Anati ndikapepese mabanja amene ndawasokoneza, ndizibwerabe kudzapemphera, ndizikhala pabenchi ngati wina aliyense. Ine pabenchi? Ndinanyamula chipewa n'kuwauza kuti tione ngati mpingo uno upite patali opanda mawu anga.

Unapita. Ine ndi amene sindinapite patali. Ndinangofika kuseri kwa chigayo, kwa mayi wina wotcheza kachasu. Mowa ndinasiya ndili mnyamata, pobatizidwa, koma mmero sunaiwale. Kumeneko anandilandira ngati bishopu. Ankandigulira kabotolo kuti ndiwalalikire, ine n'kumalalikira, zidakwa zikuvomera amen. Ena ankandipempha kuti ndilengeze ukwati wawo ndi akazi a eni, poti ndine katswiri wake, ine n'kumalengeza, onse akugubuduka. Mbuzi zanga zitatu zinalowa m'botolo imodziimodzi. Munda wa mpunga unasanduka wa udzu. Akazi anga atabwera kuchokera ku Balaka ndinawalandira ndi mlandu, kuti munandisiya dala kuti ndichite manyazi. Lamulungu ankangomanga duku n'kupita okha kutchalitchi, ine ndili gone pamkeka.

Pansi penipeni ndinafika tsiku lina Lachinayi. Ndinapita kumsika wa ku Nselema kukagulitsa nandolo za akazi anga, iwo osadziwa. Nandolozo ndinamwera konko. Dzuwa lili paliwombo, ndinali m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, jekete yanga ya ukulu ili m'matope, anthu akundilambalala. Amene anandizindikira ndi Che Saidi. Anatsitsa thumba la mpunga panjinga yake, analisungitsa pagolosale, n'kundikweza ine pakaliyala. Poti ndinkangogwa, anandimanga ndi mphira za chubu monga amamangira mbuzi, miyendo uku mutu uku. Njira ya kwathu imadutsa pakhomo la tchalitchi, ndipo tinafikapo nthawi imene amayi a mpingo amatuluka kumapemphero awo a Lachinayi, onse mu yunifomu. Akuti ndinawadalitsa ndi dzanja limodzi limene linali losamanga. Che Saidi ponditula anawauza akazi anga kuti kwawo mowa ndi haramu, koma kunyamula woledzera sanamvepo kuti analetsa.

Apa tsopano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene Mulungu anandipeza.

M'mawa mwake ndinakhala pakhonde, mutu ukugunda ngati muli wina akusinja. Akazi anga anali kuseri akupeta mpunga. Ndinamva odi wotsitsa. Anali Lonesi. Chichitikireni zija ndinkamuthawa, ndikamuona kutsogolo ndinkakhotera m'chinangwa. Anagwada, anandipatsa moni, n'kukhala pamkeka chapatali monga mwana woleredwa bwino. Kuseri kuja kupeta kunaleka.

Anandifotokozera mosakweza mawu. Yotamu anasiya kuimba foni, anangotumiza uthenga umodzi. Akwawo kwa Yotamu anasiya kumuyankha moni. Ukwati wa Agnesi unaima, chifukwa amalume ake akuti utsi sufuka popanda moto, mkulu wa mpingo sangatchule dzina popanda chimene akudziwa. Kusukulu ya kwacha amayi anatsala ochepa, poti azibambo akuletsa akazi awo kuphunzitsidwa ndi wolanda amuna a eni.

Ine ndinayamba zanga zija. Ndinanena za magalasi. Ndinanena za Satana. Ndinanena za a Gomani. Mawu anayamba kukwera, mpaka ndinayamba kumva kukoma ngati ndili paguwa. Iye anangodikira mpaka mpweya unandithera. Kenako anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa foni, anasendera chogwada, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Agogo, uthenga wa Yotamu ndi uwu. Muwerenge nokha, mumve zimene munandichitira."

Ndinaigwira foniyo. Tinyerere tating'ono, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndipo ndikuuzeni zoona, pakamwa panga panatseguka. Ndinkadziwa zimene mwamuna wokwiya amalemba, ndikanatha kuzipeka bwinobwino ndi mawu ogwira mtima. Chala chinali chitafika kale pamzere woyamba. Ndinakweza maso kuti nditsokomole, ndipo ndinaona mwana wa eni ake ali chogwada patsogolo panga, misozi ikugwera pachitenje, osapukuta. Pamenepo ndinazindikira kuti ndikufuna kuchitanso chomwe chija, kuika mawu a m'mutu mwanga pamoyo wa munthu. Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Mwana wanga, ine sinditha kuwerenga."

Mawu amene anatuluka anali aang'ono, moti ndinatsala pang'ono kucheuka kuti ndione amene walankhula.

"Ndikudziwa, agogo," anatero Lonesi. "Amayi a mumpingo anadziwa kalekale, ine ndisanabadwe. Amene anatsala osamva ndi inu nokha. Ndiye ndimafuna mumve."

Akazi anga anatulukira, lichero lili m'manja. Anandiuza kuti amayi anzawo ankaona milomo yawo ikuyenda patsogolo pa mawu anga, ndipo ine ndikaiwala iwo ankatsokomola. Zaka zonsezo amayi ankangotsinana, koma osanena, chifukwa mawuwo anali a Mulungu ndipo ankamveka mpaka kumbuyo. Ndiye kuti chinsinsi chimene ndinagulitsira mtendere wa mabanja atatu chinali chinsinsi kwa ine ndekha.

Ndinatsika pampando n'kugwada pomwepo pafumbi. Pemphero langa lalitali linkatha theka la ola, koma la tsiku limenelo linali lalifupi kuposa onse. Ndinati Ambuye, ndine mbuli ndiponso ndine wabodza, choyambacho si tchimo koma chachiwiricho chandigwetsa, ndidzutseni. Basi.

Lonesi anati wandikhululukira, koma kukhululuka kwake kuli ndi ntchito. Ntchitozo ndi zimene ndikufuna abambo mumvetse, chifukwa kulira pafumbi n'kosavuta.

Yoyamba tinaichita pomwepo. Anaimba foni ku Joni n'kundipatsa. Ndinamuuza Yotamu zonse, kuti dzina la Lonesi silinali papepala, ndinalitola pamsewu ndi maso anga. Ndili pakati anandidula kuti agogo tsitsani mawu, anzanga kuntchito kuno akumva onse, mwinanso ndikanakumvani popanda foni. Nditamaliza anapempha kuti ndimupatsire Lonesi. Ine ndi akazi anga tinapita kuseri kukathandizana kupeta.

Kenako ndinayenda wapansi kupita ku Nselema, nkhuku yopepesera ili m'khwapa, Che Saidi akundiperekeza chifukwa amalume a Agnesi ndi mnzawo wa malonda. Ndinadutsa pangalande yomwe ija, sindinayang'ane. Amalumewo anandimvetsera mpaka kumapeto, analandira nkhuku, koma anati mawu amene anawononga ananenedwa m'tchalitchi, ndiye okonza nawo akanenedwe momwemo, ndi mphamvu yomweyo. Anali ndi mfundo. Lamulungu lotsatira ndinalowa wopanda jekete, wopanda magalasi, n'kukhala pabenchi yakumbuyo pafupi ndi ana. Nthawi ya zolengeza ndinapempha mwayi. Ndinapepesa a Gomani, ndinapepesa Agnesi ndi Fanuwelo, ndinapepesa Lonesi, ndinapepesa a Nasiyani amene ndinawaloza chala. Ndinanena ndi mawu anga onse kuti ine Layisoni Matewere sinditha kuwerenga. Che Saidi akuti kumzikiti anamva.

Za mowa sindikunamizani kuti zinatha tsiku limodzi. Ndinasintha njira, kuchigayo ndinasiya kupita, ndalama zikapezeka ndinkapereka kwa akazi anga zisanatenthe m'thumba. Ndinagwanso kamodzi, pasadaka ya mnzanga wina. M'mawa mwake ndinakadziulula ndekha kwa a Gomani, munthu amene ndinamunamizira uja, ndipo anapemphera nane. Chimene chinandithandiza kwambiri n'chakuti sukulu ya kwacha imayamba 2 koloko masana, nthawi yomwe mmero unkayamba kuyabwa. Munthu sungakhale malo awiri.

Sukuluyo tsono. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, m'kalasi ya ana akaweruka. Tsiku loyamba ndinazungulira sukuluyo katatu ngati ndikufuna mbuzi yotayika. Nditalowa ndinapeza amayi okhaokha, mwamuna ine ndekha, timipando tofika m'mawondo. Lonesi analemba pabolodi n'kutiuza kuti titchule a, e, i, o, u. Ine nditatchula, agalu a aphunzitsi anayamba kuuwa. Lonesi anandipempha kuti agogo, zilembo si zogontha. Pofika polemba, pensulo inkandithawa, dzanja lozolowera khasu ndi nkhafi. Lonesi anayang'ana m'kalasi kuti apeze wondigwira dzanja, ndipo anasankha wophunzira wake wanzeru kuposa onse. Anali a Nasiyani. Anakhala pambali panga, anagwira dzanja langa ndi zala zawo zouma, n'kumandiyendetsa pang'onopang'ono. Sananene kanthu za kale. Anangoti, pindani apa, abambo, musalimbane nayo si njerwa.

Patapita mwezi Che Saidi naye analowa, ati sangalole kuti munthu amene anamunyamula ngati mbuzi amupitirire nzeru. Iye zilembo za ku madrasa amazidziwa, ndiye ankayambira kumanja kupita kumanzere, ine kumanzere kupita kumanja, tikukumana pakati pa kope limodzi. Amayi amene analetsedwa aja anabwereranso.

Maukwati awiri aja anachitika, wa Agnesi chaka chomwecho, wa Lonesi Yotamu atabwera pa Khirisimasi. Anawalengeza a Gomani, ine ndili kumbuyo, pakamwa nditagwira.

Patatha chaka ndi theka abusa anandiitana kuti ndiwerenge mavesi anayi okha pamaso pa mpingo, ndime imene anasankha m'mawa womwewo kuti pasakhale za Loweruka. Ndinatuluka thukuta mpaka m'nsapato. Kale mavesi anayi ndinkawameza ngati nthochi. Tsiku limenelo ndinawatafuna limodzilimodzi, ndikubwerera, ndikukonza, amayi a m'kalasi mwanga akunditsatira monong'ona. Koma ndikuuzeni chinthu. Mawu amene ndinkawaponyera anthu zaka makumi atatu, tsiku limenelo anayamba kundiyang'ana ine. Ukamawerenga pang'onopang'ono sungathawe. Abusa anandibwezera ku mgonero. Udindo wa ukulu sanandibwezere, ndipo sindikuufuna. Chabwino, ndili m'nyumba ya Mulungu, ndikuufuna pang'ono, koma ndikupemphererapo.

Chomaliza ndi ichi, ndipo akazi anga ali apowa, andilola kuti ndinene. Nditayamba kutha kuwerenga ndekha, ndinafuna kupeza vesi limene ndinkalikonda kuposa onse, limene ndinkalalikira pamaukwati. Linkati mwamuna amene ayenda chimanjamanja mkazi wake atasenza nkhuni, pemphero lake silipitirira denga. Chifukwa cha vesi limeneli ine ndakhala ndikusenza nkhuni kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda, ndipo azibambo ambiri a kwa Mposa ndinawasenzetsa. Ndinalifuna miyezi itatu. Ndinafunsa a Gomani, anati sanalionepo, ankangoganiza kuti lili m'mabuku aang'onoang'ono a aneneri amene anthu safikako. Ndinafunsa abusa, anakanda m'mutu n'kunena kuti ndikafunse amene anandiphunzitsa.

Akazi anga ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinaika Baibulo pamkeka n'kuwapempha kuti andisonyeze. Sanakweze ndi maso omwe.

"Mulibemo," anatero. "Ndinaikamo ine, chaka chimene ndinali ndi pakati pa Edina, msana ukundipweteka. Ndikanakuuzani ndi pakamwa panga, mukanamva?"

Ndinakhala pansi. Ndinafuna kukalipa, koma ndinadzifunsa funso lawolo, ndipo yankho ndinalidziwa. Nkhaniyi tinakaitula kwa abusa tonse awiri, chifukwa kuwonjezera pa mawu a Mulungu si masewera. Abusa anawadzudzula, iwo anapepesa ndi mtima wonse, ine ndinapepesanso polalikira chimene sindinachione. Potuluka mayi busa anawaperekeza akazi anga mpaka kumsewu, atawagwira dzanja ndi manja awiri.

Tili m'njira ndinawafunsa ngati alipo mavesi ena otero m'nkhokwe mwangamu. Anati, poti tsopano maso muli nawo, fufuzani nokha.

Ndikufufuza, abale. Ndayambira pachiyambi penipeni, tsamba limodzi patsiku, ndipo pa liwiro limeneli abusa akuti ndipemphe zaka zina khumi. Nkhunizo ndimasenzabe, chifukwa ndapeza kale malo angapo m'bukumo amene akunena zofanana ndi zomwezo, kungoti mwaulemu.

Ndiye abambo amene mukusekanu, ndakuonani ena mwatsegula buku la nyimbo pa nyimbo ina, pakamwa pakuimba ina. Sinditchula maina, ndinasiya kutchula maina amene sindinawawerenge. Lolemba 2 koloko, kalasi yakumapeto, bwerani ndi pensulo. Mukandipeza pakampando kakutsogolo. Ambuye amene anandidzutsa pafumbi akudzutseni nanunso, musanafike pakaliyala. Amen.